Folo Koloko ku Mchini

Mkazi wanga Zelesi sapemphera ngati anthu ena.
Folo koloko, tambala asanaganize n'komwe,
iye ali kale chogwada pa thumba la feteleza
limene analisandutsa mkeka,
akuitana Yesu ngati woitana mwana ali tsidya la Lunkhwakwa.
A Sakala a khomo linalo anagogodapo khoma kawiri.
Kachitatu anangoti, "Mundiikeko nanenso, shuga wandikwera."

Ine ndinkafunda bulangete mpaka kumutu.
Ndinkati miyendo yanga yapemphera kale:
tsiku lonse kupalasa njinga, Kapata, Mchini, Kapata,
kumbuyo mayi wonenepa ndi nkhuku zake zitatu.
Mulungu akufunanso chiyani kwa ine?
Koma dzina langa linkandipeza m'bulangetemo.
Ankalitchula pakati pa lendi ya nyumba ndi chifuwa cha Tionenji:
"Bambo wa ana awa, Ambuye, mukumudziwa,
mawondo ake ndi ouma, koma mtima si mwala."
Ndinkanamizira kuliza mkonono.

Lachiwiri lapitali anamugoneka kuchipatala chachikulu,
pakati pa miyezi isanu ndi itatu, mapazi atatupa ngati maungu.
Anamwino anati amuna usiku ayi, kazipitani.
Ndinaphikira ana mpunga wosapsa bwino,
tinagona malaiti atapita.

Folo koloko, chala chozizira paphewa panga.
Yotamu wa giredi sikisi wayatsa tochi ya pafoni,
kumbuyo kwake Tionenji akukoka thumba la amake.
"Atate, nthawi yakwana. Ayambe ndani?"

Ndinagwada. Mawondo analira ngati njinga yosowa girisi.
Ndinatsegula pakamwa, munalibe kanthu,
ine amene ndimakangana ndi kasitomala pa makwacha awiri
mpaka msika wonse kutembenuka.
Ndinati, "Ambuye," basi, ndinaima pomwepo.
Galu anauwa kutali.
Lole yochokera ku Mwami inabuula pamsewu waukulu.
Tionenji anandinong'oneza: "Muyambe ndi zikomo.
Amama amayamba ndi zikomo."

Zikomo, ndinatero, chifukwa cha denga ili,
ngakhale limadontha pakona.
Zikomo kuti dzulo tayala silinaphulike.
Kenako mawu anabwera okha, osasamba, opanda nsapato,
akukankhana pakhomo ngati ana oweruka kusukulu.
Ndinamufotokozera Mulungu za Zelesi ngati sakumudziwa:
kuti amachulutsa mchere m'ndiwo,
kuti nyimbo imodzi waiimba zaka khumi ndi zitatu
ndipo pokwera pamamukanikabe,
kuti ine sindidziwa kuluka tsitsi la mwana wamkazi,
kuti ameneyu musandilande, chonde, musandilande.
Sindinadziwe kuti ndikufuula
mpaka khoma linalira, go go go.
Tinakhala chete tonse atatu.
Kuseriko a Sakala anatsokomola,
nati, "Ameni, aneba. Pitirizani."

Kutacha ndinapalasa wopanda kasitomala,
phala lili m'fulasiki, Kanjala atafunda nkhungu.
Ndinamupeza atakhala tsonga,
wagwira dzanja la mtsikana wa bedi linalo,
wapakati poyamba, wochokera ku Vubwi, wamantha,
akumuwerengera salimo pang'onopang'ono.
Anayang'ana maso anga ofiira,
kenako mawondo a thalauza langa.
Panali patayera, fumbi la thumba lake lija.
Sanafunse kanthu.
Anangopasasa ndi chala, nati, "Ana adya?"

Mwana sanabadwebe. Adokotala akuti tidikire.
Sindidziwa mavesi, sindidziwa poikira aleluya,
ndipo masana ndikadali yemwe uja,
wotukwana mabasi akandipanikizira kungalande.
Koma alamu ndaitchera kutatsala mphindi khumi kuti ikwane folo,
kuti ana asandipezenso m'bulangete.
Thumba ndimayala ndekha.
Ndimayamba ndi zikomo.
Zotsatira zake ndimazimvera pomwepo.